Alendo Anga Sadya Nsima

Okondedwa Amayi,

Kuno ku Joni ndili bwino, kaya inu ndi onse ku Magodi. Ndamva kuti mwalengeza kuchigayo kuti mwana wanu ndi bwana wa hotela yoposa Castle ya pa boma ku Lundazi. Amayi, kabwezeni mawuwo. Ndinati ndimasamala alendo, inde, koma alendo anga sadya nsima.

Kuntchito kwathu ku Germiston kuli chikompyuta chotchedwa seva, chokhala m'kachipinda kozizira ngati m'mawa wa June. M'mimba mwake muli makompyuta ena anayi osagwirika ndi manja. Pachizungu chachikulucho amachitcha mwininyumba, enawo alendo: wa malipiro, wa makalata, wa mafayilo, ndi wosunga kaundula.

Mu 2023 load shedding itafika Stage 6, magetsi ankazima kangapo patsiku mpaka mabatire kutheratu. Magetsi akabwera, mwininyumba ankadzuka yekha, alendo ali gonee, ngati amalume akachoka kumowa. Ine ndiye ndinkakwera taxi kuchokera ku Rosettenville kukawadzutsa mmodzimmodzi. Tsiku lina kumapeto kwa mwezi ndinachedwa, wa malipiro n'kugona mpaka madzulo. Anzanga anandiyang'ana ngati mbuzi yogwidwa m'dimba.

Mankhwala ake anali pafupi. Mu Proxmox, pulogalamu yosungira alendowa, aliyense ali ndi kabokosi kakuti Start at boot. Ndinachonga onse anayi, n'kumadzitama. Magetsi atabwera alendo onse anadzukira pamodzi, kulimbirana ngati ana pambale imodzi, ndipo wa malipiro anapeza wa kaundula asanatsuke n'komwe m'maso. Zinthu zinaima.

Apa ndinakumbukira kwathu: madzi osamba m'manja amayambira kwa akulu. Wa kaundula ndinam'patsa nambala 1, ena adikire masekondi 60 asanadzuke. Pogona amatsata mobwerera, woyamba kudzuka ndiye womaliza kugona, monga inu nomwe.

Vuto tsopano n'lakuti alendo akudzuka okha, ndipo abwana ayamba kufunsa kuti ine ndimagwira chiyani. Choncho msuweni wanga musam'tumize kudzafuna ntchito ya uweta. Palibe mbale yotsuka kuno.

Ndalama ya feteleza ndatumiza pa Mukuru. Nanga tambala uja akulirabe dzuwa litakwera? Iye alibe kabokosi kochonga. Msungeni, tidzakambirana naye pa Khirisimasi, mpunga uli pambali.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni