Ulemerero wa Dipisitiki, Mboni Yosadya Chiphuphu

Pa zipangizo zonse zimene zili pansi pa boneti ya galimoto yakale, palibe chimene olemba mbiri achimana ulemu kuposa dipisitiki, kachitsulo kopyapyala kamene kamalowa m'kapaipi ka m'mbali mwa injini mpaka kukamira mu sampu, ndiko kuti chotengera cha pansi pa injini m'mene oyilo amasonkhana. Kachitsuloka kalibe mawaya, sikafuna batire, sikazungulira, ndipo ntchito yake yonse ndi kukhala mumdima kufikira wina atakazula. Komabe m'boma la Chiradzulu, kumene ma Nissan 1400, ma Toyota Hilux okalamba ndi Peugeot 504 ya apo ndi apo akunyamulabe nandolo, tomato ndi anthu kupita nawo ku Limbe, umboni wake ndi umene umasiyanitsa galimoto yokafika ndi galimoto imene idzakhalitse pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Ukulu woyamba wa dipisitiki ndi wakuti sadya chiphuphu. Ali ndi timizere tiwiri tokha, kakumunsi kosonyeza kuchepa kumene injini singapirire ndi kakumtunda kosonyeza malire a kudzaza, ndipo pa magalimoto ambiri mpata wa pakati pa timizereti umaimira pafupifupi lita imodzi, chinthu chosachepa pa injini imene oyilo wake yense ndi malita 3 kapena 4. Nkhope ya M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, imene ili pa ndalama ya K2,000, imafewetsa mitima yambiri m'misewu, koma dipisitiki saizindikira, ngakhale galimotoyo itaima pabwalo la tchalitchi cha Providence Industrial Mission penipenipo. Kuuma mtimaku n'kofunika chifukwa magalimoto amenewa ndi achikulire: Peugeot 504 inayamba kutuluka mu 1968, ndipo kabaki ka Nissan 1400, kamene kanayamba ndi dzina la Datsun, kanapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008. Injini ya msinkhu wotere imakhala ndi maringi otha, ndiwo timikombero tozinga pisitoni timene timaletsa oyilo kukwera kumalo koyakira mafuta, ndipo imadontheza apa ndi apo. Mwini wake aliyense, makamaka amene akufuna kuigulitsa, amalumbira kuti yakeyo siidya oyilo, ndipo m'boma lonse muli mboni imodzi yokha imene imamutsutsa pamaso pa wogula popanda kuphethira.

Monga zimakhalira ndi akuluakulu onse olemekezeka, dipisitiki salankhula popanda mwambo. Amafuna kuti injini izimitsidwe ndipo papite mphindi 5 kapena 10, kuti oyilo amene anakwera kumutu kwa injini atsikire mu sampu; amafuna kuti wofunsayo awerame, ngakhale atakhala wodziwika bwanji pamsika wa Mbulumbuzi; ndipo mawu ake oyamba salola kuti akhulupiriridwe, popeza oyilo wowazika pamene injini inkayenda amakhala atapaka kachitsulo konse. Choncho kamazulidwa, kupukutidwa ndi kansanza koyera, kubwezeredwa mpaka kugunda pansi, kenaka kuzulidwanso, ndipo mawu achiwiriwa ndiwo chigamulo. Dalaivala wothamangira makasitomala, amene amapukutira kachitsuloka pa thalauza kapena pa tsamba la m'mbali mwa msewu, amalowetsa yekha mchenga m'malo amene mchenga ndi mdani wamkulu.

Koma lamulo limene limakweza dipisitiki kuposa mboni zina zonse ndi lakuti galimoto iime pamalo athyathyathya, ndipo apa m'pamene dziko la Chiradzulu limamuyesa. Boma ili, limene phiri lake lalikulu limapitirira mamita 1,700 kutalika, ndi la zitunda ndi makhwawa, kotero kuti mabwalo ambiri a pakhomo, kuchokera ku Njuli mpaka ku Namitambo, ndi opendekera kwina. Galimoto ikaima chopendama, oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu, ndipo kachitsuloka kamanena zimene kakuona pamene kaimapo: kakhoza kulengeza njala pamene pali zokwanira, kapena kulengeza mwanaalirenji pamene injini ili pafupi kuuma. Amene amati apa dipisitiki wanama amalakwitsa, pakuti iye wanena zoona za malo amene anamuimika. Phindu la vuto limeneli, limene aphunzitsi a jogalafe sanaliyamikirebe, ndi lakuti mwini galimoto yakale amadziwa malo onse athyathyathya a m'dera lake, kaya ndi bwalo la mpira la pasukulu kaya ndi simenti ya pamalo omwetsera mafuta, kuposa mmene anthu oyeza malo amawadziwira.

Ena amafunsa chifukwa chodetsera manja pamene pa dashibodi pali kanyale kofiira ka chithunzi cha kachitini kodontha. Kanyaleko sikayeza kuchuluka kwa oyilo; kamayeza mphamvu imene pampu ikumukankhira m'njira zake, ndipo kamayaka pamene mphamvuyo yagwa kale, nthawi imene mabering'i, zitsulo zofewa zimene crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira cha m'kati mwa injini) imazunguliramo itayandama pa oyilo, ayamba kukhulana chitsulo ndi chitsulo. Pa magalimoto ambiri akale babu lake linapsa zaka zapitazo, ndipo bata limene dalaivala amaliona pa dashibodi ndi bata la mlonda amene anagona kalekale. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma injini yosowa oyilo imaiimba ndithu, kugogoda kumene amakaniko amati injini yanoka, kungoti imaiimba chakudzacho chitafika kale.

Chodabwitsa n'chakuti mboni imeneyi imatsutsa kupatsa mofanana ndi mmene imatsutsira umbombo. Munthu wokonda galimoto yake, poganiza kuti zambiri ndiye chikondi, amatha kukhuthulira chigubu chonse mpaka kudutsa kamzere kakumtunda, ndipo pamenepo crankshaft imayamba kumenya oyiloyo n'kumusandutsa thovu, limene pampu singalikankhe bwino. Oyilo wina amatulukira m'masilo, timphira totseka mipata ya injini, wina amakapsa ndi kutuluka kumbuyo ngati utsi wabuluu. N'chifukwa chake wophunzira wa dipisitiki amathira pang'ono, kudikira kuti atsike, kuyezanso, ndi kuleka asanapyole kamzere. Injini zakalezi kawirikawiri zimathiridwa oyilo wolembedwa 20W-50, manambala osonyeza mmene oyiloyo amayendera kukazizira ndi mmene amakhalira wolimba injini ikatentha, ndipo popeza oyilo ngwochokera kunja, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunachititsa kuti chiphunzitso cha kuthira pang'onopang'ono chipeze otsatira ambiri amene maulaliki sakanawatembenuza.

Kachitsuloka kamanenanso zina zimene sikanafunsidwe. Oyilo akatuluka ndi mtundu wa tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi gasiketi ya pakati pa mutu ndi thunthu la injini. Oyilo akamachuluka yekha popanda womuthira, mwini galimoto asafulumire kukachitira umboni kutchalitchi, koma anunkhize: fungo la petulo limasonyeza kuti kabureta, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya, kapena pampu ya petulo ikulowetsa mafuta mu sampu ndi kusungunula oyiloyo. Kuda kokha si mlandu, makamaka pa injini ya dizilo, imene imadetsa oyilo watsopano m'masiku ochepa.

N'zomvetsa chisoni kuti opanga magalimoto ena a ku Ulaya, monga BMW, anayamba kuchotsa dipisitiki pa injini zina m'zaka za m'ma 2000, n'kuika kachipangizo ka magetsi kamene kamalemba kuchuluka kwa oyilo pa sikirini. Dalaivala wa galimoto yotere sawerama, sasunga kansanza, ndipo manja ake amafika ku ukwati ali oyera. Komabe kompyutayo, isanapereke yankho lake, imalamula kuti injini itenthe ndipo galimoto iime pamalo athyathyathya, kotero kuti mwini wake akafika ku Namitambo amayenera kufunsa njira ya kubwalo la mpira kwa mwini Nissan 1400.