Woimba wa kwa Mlolo amasemanso mipini

Ku Ulaya ndi ku America kuli mtundu wa nyimbo wotchedwa dream pop. Gitala amalira chapansipansi, mawu a woimba amamira m'zoimbira, omvera n'kumangotsinzina. Gulu la Cocteau Twins la ku Scotland, lomwe linayamba mu 1979, linatchuka nazo ngakhale kuti anthu sankamva zimene Elizabeth Fraser ankanena m'nyimbo zambiri. Kumeneko woimba wotere akamasemanso ziboliboli, atolankhani amamulondola ndi makamera, amvekere ali ndi maluso awiri.

Kwa Mlolo, tsidya la kum'mawa kwa Shire, munthu wa maluso awiri amangomuti "uja wa mipini."

Komatu woimba ulimba ndi mmisiri wosema kuyambira makedzana. Ulimba saugula m'sitolo. Thabwa lililonse mwini wake amasema yekha: akapala kunsi chapakati mawu amatsika, akapala kumapeto mawu amakwera. Pansi pa matabwawo amamangirira zikho zoboola, n'kumata pabowopo kanyumba koyera ka kangaude kuti mawu azinthunthumira. Masiku ano kangaude analandidwa ntchito ndi kapepala ka pulasitiki. Zonsezi anthu a pa Fatima, kwa Mlolo komweko, amaziona ndi maso awo, koma chimene amatolapo n'chimodzi: bamboyu ali ndi kasemasema wakuthwa.

Ndiye m'mawa pakhomo sipasowa alendo. Moni amakhala wautali, wofunsa ana, mbuzi ndi mpunga wa kudimba, mpaka khasu lothyoka mpini litatulukira kuseri kwa msana. "Alamu, inu ndi aluso, kanthu kakang'ono aka." Malipiro ake ndi "tidzaonana", ndalama yomwe imayenda kwambiri kuno kuposa kwacha.

Ku ukwati amamuitana kudzera mwa ankhoswe, ndipo amamulipira nsima ya mlamba. Tsiku lina angoyesa nyimbo yake ya phee, yogunda pang'onopang'ono, ija amaiganizira usiku. Amayi ozolowera utse amaima manja m'chiuno. "Kodi kwagwa zovuta?" Posakhalitsa mnyamata wa zimasipika amaliza jenereta. Iyeyo analipidwa kale dzulo, poti petulo sadziwa chibale.

Akamuitana ku Bangula, nkhani imakhala pa doko. Chidukireni msewu ndi njanji pa Mtayamoyo mu 1997, anthu amawoloka pa bwato, ndipo wopalasa amayang'ana ulimba kuyambira uku mpaka uko, n'kugamula kuti amenewa ndi anthu atatu. Kumutsutsa n'kovuta, chifukwa ulimba amaimbadi anthu atatu nthawi imodzi.

Alangizi ndiye mbwee. Amalume amakonda kutchula malemu Joseph Tembo, woimba amene anasankhidwa kukhala phungu mu 2009. "Mnzanu nyimbo zinamulowetsa m'Nyumba ya Malamulo, mphwanga, inu mukadali pa mipini." Amayankhula choncho atatsamira khasu limene mpini wake sanalipirebe.

Chovuta kwenikweni ndi chiboliboli. Mmisiriyu atasema mvuu n'kuiika pakhonde, mudzi unagawikana. Ena ankati mtengo wabwino chonchi ukanatuluka mtondo. Ena ankadutsa chapatali akunong'ona kuti mvuu imeneyi usiku imapita kumtsinje. Akulu a mpingo anabwera awiri kudzacheza naye za moyo wake wauzimu.

Ndiye kunabwera mlendo wina wa bungwe lothandiza anthu pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, n'kuigula mvuu ija osanenerera. Dzuwa lisanalowe mtengo wake unali utamveka mpaka ku Makhanga, utachulukanso kawiri m'njira. M'mawa mwake achibale anafika kudzabwereka ya feteleza, anyamata oyandikana naye anayamba kusema mvuu zooneka ngati nkhumba zonenepa, ndipo akulu a mpingo aja anabweranso, ulendo uno kudzafunsa ngati angawasemere ng'oma ya kwaya pa mtengo wa pachibale.