Boda ya m'mimba mwanga

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kanyenya wa pa Boma pano wakhala akuonda pomwe mtengo wake ukunenepa. Mafuta ophikira adakwera, ndiye anyamata a pachiwaya sawataya: a lero ndi adzulo omwe aja, adzulo ndi adzana, akuda bii. Nyama yotsala madzulo imagona, m'mawa n'kuidzutsa ndi kamoto. Ine ndikagula chinthu ndimamaliza. Ngakhale mphuno indinong'oneze kuti "akulu, mbuzi iyi idamwalira kale", ndimaiyankha kuti ikhale chete poti siidasonkheko.

Umu ndi momwe nthuli zina zidalowera m'dziko la m'mimba mwanga Loweruka lina, zopanda chiphaso.

Inu akutali mwina simudziwa kuti kuno ku Mchinji tili ndi boda yamakono imene a Chakwera ndi a Hichilema adatsegula mu Disembala 2022, yoti lole yopita ku Chipata iziima kamodzi kokha, osati kuima kuno n'kukaimanso ku Mwami. Akuti katundu asamachedwe. Ndikufuna akuluakuluwo adziwe kuti mimba yanga idawaposa. Pofika pakati pa usiku katundu ankatuluka osaima n'kamodzi komwe, zipata zonse ziwiri zili chitsegukire, chakumtunda ndi chakumunsi.

Woyamba kufika ndi nseru, kalaliki waulemu amene amadzaza malovu m'kamwa pokudziwitsa kuti lole ili m'njira. Kenako kupotokola, thukuta lozizira, mawondo zii. Chimbudzi chathu chili kuseri kwa nyumba, ndipo galu wa aneba, amene amandiuwa chisamukireni pano, adatopa nane n'kundidindira chiphaso cha usiku wonse.

Kutacha adandizinga maejenti, monga amachitira osintha ndalama basi ikangoima. Wina akuti Coca-Cola wothira mchere. Wina masamba a gwafa. Wina makala osinja. Alamu anga adatulukira ndi Flagyl ndi makapusozi a pagolosale okulunga m'kapepala, amvekere, "Alamu, mezani onse pamodzi, boda itsekeka pompano."

Mayi akunyumba adawabalalitsa onse. "Abambo a Chisomo, boda iyi itseka yokha katundu woipayo akatha. Inu ntchito yanu ndi kubwezera madzi amene akutulukawo." Adasungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Itatha adapanga yawo: lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ndidawerenga masupuniwo ndi misozi. Shuga wathuyu, amene amadziwa bwino njira zakutchire zopita ku Zambia kuposa njira yobwerera ku golosale, kumuthira m'dziko loti palibe chikukhalitsa!

Ndi ludzu langalo ndidagugudiza kapu yonse, ndipo katundu adabwezedwa pachipata pomwepo. Lamulo lake, ndidauzidwa, ndi kumwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ukasanza udikire mphindi 10 n'kuyambanso. Nseru itachepa adaloleza kaphala kamadzimadzi ndi nthochi yakupsa. Zamafuta, tsabola ndi mowa adaziika pa mndandanda wa katundu woletsedwa.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu atadzandizonda adayamba ndi kulanda kapepala ka alamu kaja. Akuti kutsegula m'mimba kobwera ndi chakudya choipa nthawi zambiri kumatha kokha m'masiku ochepa, ndipo kumeza makapusozi mwachisawawa kumangophunzitsa tizilombo kuwazolowera. Koma akuti ukaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha kwambiri, madzi akukana kukhala m'mimba, mkodzo wasowa, kapena chimbudzi chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, kwera kabaza wa ku chipatala osadikira kuti kuche. Mwana, mayi woyembekezera ndi nkhalamba, amenewo sayembekezera n'komwe.

Apa ndiye ndileke nthabwala. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha Amalawi oposa 1,700. Nthawi imeneyo zidebe zosambira m'manja zidali pakhomo lililonse, ogulitsa zophikaphika akuthamangitsidwa uku ndi uku. Maliro atachepa, zidebe zidasanduka zotungira madzi. M'misika yambiri ya dziko lino wodula tikiti sajomba, amafika m'mamawa tsiku lililonse, koma mpopi ndi wouma, chimbudzi n'cholipira, ndipo woyendera zakudya amaoneka anthu akayamba kufa. Mnyamata wa pachiwaya asamba m'manja ndi chiyani, ndi tikiti? Sindimuda iyeyo. Ndikufunsa kumene ndalama ya tikitiyo imapita.

Pano boda yabwerera mwakale, koma ulamuliro wasintha. Mayi akunyumba alamula kuti katundu aliyense wolowa azidutsa kaye m'manja mwawo. Chisomo walembedwa ntchito ya ofisala wofufuza: ndikafika pakhomo amandinunkhiza zala, n'kukapereka lipoti kukhitchini. Malipiro ake ndi zitumbuwa ziwiri patsiku, ndipo ndalama yake ikuchokera m'thumba mwanga.