Nkhuku Yosambira ndi Nkhuku ya mu Uvuni

Rosettenville,
Johannesburg.

Okondedwa Ama,

Mwa njira zimene nkhuku ya m'malesitilanti a ku Joni imapsera, nazi ziwiri: ina imalowa mu uvuni, ina imasambira. Choncho mphekesera imene yafala pamsika wa Nkhata Bay, yoti mwana wa Ama anawoloka Beitbridge kukalembedwa ntchito yosambitsa nkhuku, ili ndi kachoonadi. Chofunika kuwongola n'chakuti nkhukuyo imasambira itafa kale, ndiponso itavala pulasitiki.

Kaphikidwe kosambirako dzina lake ndi sous vide, mawu a Chifalansa onena za thumba lochotsedwa mpweya. Kanatchuka mu 1974, pamene wophika wina, Georges Pralus, ankafuna kuti chiwindi chonona cha tsekwe ndi bakha chisamasungunuke pamoto palesitilanti ya Troisgros, mumzinda wa Roanne ku France. Masiku ano kafika mpaka ku Sandton, kumene anthu amalipira ndalama ya thumba la chimanga pa kachidali kamodzi ka nkhuku.

Chidalicho amachithira mchere n'kuchilonga m'thumba lochindikala. Makina amayamwa mpweya wonse ndi kumata kukamwa kwa thumbalo. Kenaka chimamizidwa m'madzi momwe mwaimikidwa kachipangizo kofanana ndi hita yotenthetsera madzi osamba, koma kophunzira. Kachipangizoka kamazungulitsa madziwo ndi kuwasunga pa madigiri 63, osakwera, osatsika, kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Madziwo sawira, utsi palibe, fungo palibe. Wophika amapinda manja n'kumayang'ana beseni ngati msodzi wa mbedza tsiku la mwera. Atonga akhala akuphika ndi kuperekera zakudya m'mahotela a kuno kuyambira masiku a Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, koma ndi m'badwo uno wokha umene ukulandira malipiro chifukwa cholondera madzi ofunda.

Nzeru yake ndi iyi. Nyama ikamatentha imakhwinyata n'kumafinya madzi ake, ndipo kutentha kukapitirira imauma. M'beseni muja nyama singatenthe kuposa madzi amene aizungulira, ndiye ngakhale wophika atatalikira pafoni kukamba za maliro a ku Chintheche, chidali chimakhalabe chofewa. Tizilombo ta salmonella, toyambitsa kutsegula m'mimba, timafa nthawi yomweyo pa madigiri 74. Pa madigiri 63 timafanso, koma pang'onopang'ono: pakati penipeni pa nyama payenera kukhala pa kutentha kumeneko kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Nthawi ndiyo imagwira ntchito imene moto waukulu ukanagwira.

Chenjezo likufunika pano kwa anyamata okonda kuyesa zinthu. Madzi a pagombe la Chikale amafunda madigiri osafika 30, ndipo pamenepo tizilombo timaswana mosangalala. Womanga nkhuku m'jumbo n'kuiponya m'nyanja sakuphika sous vide, akudzisungitsira bedi kuchipatala.

Chilema cha nkhuku yosambira ndi maonekedwe. Imatuluka m'thumba ili mbuu, yotuwa ngati mzungu wongotsika kumene mu sitima ya Ilala, khungu lake lili lendelende. Kufiira ndi kununkhira kwa nyama yowotcha, kumene gwero lake analifotokoza katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912, kumayamba kutentha kukafika cha m'ma madigiri 140, ndipo madzi safika kumeneko. Motero nkhukuyo amaipukuta n'kuigoneka pachiwaya chotentha kwambiri, mphindi imodzi mbali ino, ina mbali inayo. Pambuyo pa makina onse aja, nkhani imakatherabe pachiwaya chonga cha mnyamata wa tchipisi wa pa depoti.

Uvuni ndi wodziwika kale kumudzi, ngakhale ndi dzina lina. Mphika wa chigumu, wokhala ndi makala pansi ndi makala pachivundikiro, ndi uvuni ndithu. Wa kuno umangosiyana poti uli ndi chitseko chagalasi ndi kotembenuza. Umatenthetsedwa kufika madigiri 180 kapena 200, ndipo nkhuku yathunthu ya kilogalamu imodzi ndi theka imapsa pa ola limodzi ndi mphindi ngati 20. Mpweya wotentha umaumitsa khungu, mafuta amasungunuka, nkhuku imafiira n'kumalira khirichi pamano.

Vuto la uvuni ndi lakuti nkhuku imodzi ili ndi nyama ziwiri zosamvana. Chidali chimapsa msanga, ntchafu zimachedwa. Wodikira ntchafu amapeza chidali chauma ngati makaka, wothamangira chidali amapeza magazi pafupa la ntchafu. Ophika odziwa amayamba ainyika nkhukuyo m'madzi amchere kwa maola angapo, amaiwaza mafuta ake omwe ili mkati, ndipo ikatuluka amaisiya mphindi 10 isanadulidwe kuti madzi akhazikike. Vuto lachiwiri ndi fungo. Ku Rosettenville kuno, kumene Nando's inayambira mu 1987, anthu amadziwa fungo la nkhuku ali mtunda wautali. Uvuni ukayaka m'kachipinda ka lendi, pasanathe theka la ola pakhomo pamagogoda a kwathu atatu amene "amangodutsa". Pa mfundo iyi yokha sous vide ikupambana, chifukwa nkhuku ya m'thumba simaitana alendo.

Njira zonse ziwiri zimadalira magetsi, ndipo magetsi a kuno ndi a kumudzi ndi pachibale. Mu 2023 kuno ankathima pafupifupi tsiku lililonse. Akathima, uvuni umasungako kutentha kwa kanthawi, ndipo nkhuku ingathe kusamutsidwira pambaula. Ya m'beseni imazizira mwakachetechete, ndipo ikakhalitsa m'madzi ofunda iyenera kutayidwa, chinthu chimene Mtonga sangachite maso ali ouma. Matumba akenso ndi apadera, ogula. Majumbo opyapyala sayenera kutenthetsedwa ndi chakudya, ndipo boma la Malawi linaletsa mu 2015 mapulasitiki osafika ma micron 60.

Palinso nkhani ya mtundu wa nkhuku. Ya kuno ndi bloyila, yophedwa ili ndi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, yosadziwa kabawi, yosakwerapo ngakhale chulu. Yachikuda ya ku Nkhata Bay imakula ikukwera ndi kutsika zitunda kwa miyezi yambiri, ndipo minofu yake ndi ya wosewera mpira. Mu uvuni imalimba ngati labala ya ku Vizara. M'beseni ingafewe, koma patapita maola ochuluka kwambiri, mlendo atatsanzika kale. Komanso nkhuku ya m'sitolo imagulitsidwa ziwaloziwalo: mitu ndi zipalapasiro, zimene kuno amati walkie talkies, zili m'paketi yakeyake, nthutumba m'paketi ina. Mlendo wolemekezeka akapanda kupeza nthutumba m'mbale amadziwa kuti wina wadya mwakuba.

Chomaliza ndi msuzi. M'thumba mumatsala masupuni awiri kapena atatu, m'thireyi ya uvuni mumatsala mafuta. Kondowole satsika pakhosi ndi masupuni atatu. Amafuna msuzi wa tomato ndi anyezi umene nkhuku yabwatamo ola lathunthu pamafuwa, wokwanira ana, apongozi ndi wongodutsa uja.

Chigamulo chake n'chotere. Pa chidali cha bloyila chodya ndi foloko, sous vide ilibe mnzake. Pa khungu lofiira ndi phwando, uvuni ndiye mfumu. Pa yachikuda ndi kondowole, zonse ziwiri zimagonja kwa mphika wakuda wa Ama. N'chifukwa chake katundu wobwera pa basi mwezi uno alibe makina alionse. Muli mabulangete awiri ndi nsapato za Ada. Ndalama ya makinawo yatumizidwa pa Mukuru. Igule tambala mmodzi wamkulu, azimuponyera gaga m'mawa uliwonse, ndipo asamuuze kalikonse za mwezi wa Disembala.


Mwana wa Ama wachisamba.