Kuyenda awiri si mantha, koma wachiwiriyo asakhale foni

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Ananena mawuwa nthawi imene munthu wochoka ku Nsaru kupita ku Namitete ankadutsa m'nkhalango ya afisi, ndipo wopempha mnzake kuti amuperekeze sankafuna kutchedwa wamantha. Lero mitengo ija inathera ku makala ndi ku zigafa za fodya, afisi anasamuka, koma mwambiwo sunapume pantchito. Ntchito yake yachita kuchuluka, chifukwa kwabwera khalidwe latsopano lochokera m'tauni: kuyenda popanda kopita.

Gwero lake ndi lomveka. Anthu a m'maofesi a ku Lilongwe amakhala pampando tsiku lonse, mimba n'kumakula, shuga ndi kuthamanga kwa magazi n'kumagogoda pakhomo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa thupi ntchito mphindi zosachepera 150 pa sabata. Foni nayo inalowererapo, ikuwerengera mwini wake mapazi, ati afike 10,000 patsiku. Chiwerengero chimenechi sichinachokere kuchipatala ayi. Chinatchuka ku Japan mu 1965, pamene kampani ya Yamasa inkatsatsa kachipangizo kowerengera mapazi. Mayi wa kwa Kabudula amene amapita kumjigo, kuchigayo ndi kudimba amachipitirira chiwerengerochi dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo palibe amamuwombera m'manja.

Tsono bwana wotereyu akuti akapume kumudzi mwezi wa June kapena July. Akwera minibasi ya ku Mchinji, adutsa pa Chitedze ndi pa Msundwe, atsika pa Namitete. M'mawa mwake avala thirakisuti, chipewa chaubweya ndi nsapato zoyera mbee, ulendo wa kumtsinje. Kunena zoona wasankha bwino. Nyengo yachisanu mtsinje wa Namitete, umene umakathira mu Bua, umakhala utaphwa, matope atauma. Nkhungu imagona m'dambo mpaka dzuwa litakwera, mame ali mbuu pa udzu, kamphepo ka mwera kakuluma makutu. M'madimba mpiru, kabichi, anyezi ndi tomato zili biriwiri pamene kumtunda konse kwauma. Vuto ndi limodzi: wapita yekha.

Kumudzi munthu sayenda chabe. Funso lakuti "Mwalowera kuti?" lili ndi mayankho ake ovomerezeka: kumaliro, kudimba, kumsika, kapena kukazonda matenda ku St Gabriel's, chipatala chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959. Yankho lakuti "ndikungoyenda" mulibe m'gulumo. Munthu wamkulu, wandevu zake, wasiya bulangete m'chisanu chotere kuti angoyenda? Apo mudzi umayamba kafukufuku wake. Mwini dimba akuti ndi wakuba amene akuonera tomato wodzathyola usiku. Mnyamata wa kabaza akuti ndi wogula malo. Amayi ochapa pamwala akuti ndi wa bungwe, akulemba mayina a olandira thandizo, ndipo ena athamangira kale kunyumba kukatenga chiphaso. Wina akuti akufuna uphungu. Agogo, amene aona zambiri, akungoti, "Ameneyo akazi ake amupitikitsa." Pofika masana nkhani ili kwa anyakwawa.

Apa ndi pamene nzeru za makolo zimaonekera. Ine ndinaperekezapo mnzanga wa ku Area 25 pa ulendo wotere, ndipo ntchito yanga yonse inali kumasulira. Pa dimba loyamba bambo wina anatula keni yake pansi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Nanga alendowa mukupita nawo kuti m'mame muno?"

"Tadzuka, kaya inu bambo. Awa ndi anzanga a ku tauni. Adokotala anawauza kuti aziyenda."

"Ogo! Pepani, pepani. Achira amenewa. Tayimani pang'ono."

Anabwera ndi nzimbe ziwiri zazitali, zopatsa wodwala. Pa dimba lina tinalandira mbatata yootcha, pena mtedza wongokumba kumene. Munthu amene anatuluka m'nyumba kukachepetsa shuga anabwerera atasenza shuga paphewa, koma palibe anamutcha wakuba.

Ena lero amati mwambiwo akuutsata ndithu, popeza sayenda okha, amayenda ndi foni. Timawaya m'makutu, maso pagalasi, chala chili pa WhatsApp. Bwenzi limeneli ndi lanzeru, koma nzeru zake zimathera pa tala. Google Maps ikhoza kukuuzani kuti mtsinje uli kumanzere, koma sidziwa kuti ulalo wa mtengo umodzi uja unafumbwa chaka chatha. Sidziwa kuti galu wa pakhomo lachitatu saseka ndi alendo. Sidziwa kuti nyemba zokongola zaubweya zimene mwaima pafupi nazo kuti mudzijambule ndi chitedze, ndipo m'chilimwe ndi m'mene chimakhwima. Mudzavina popanda ng'oma, foni ili m'manja ikuwerenga mapazi mokondwa.

Kunena za ng'oma, anthu akakolola ndi nthawi ya miyambo, ndipo kuno ndi kwa Achewa. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ali ndi njira zake ndi malo ake amene munthu wosalowa sapondako. Mnzanu wa m'mudzi akamva ana akuthawa, amakukokani dzanja n'kukupatutsani mwaulemu. Wa timawaya m'makutu samva kanthu. Amadzazindikira fumbi lili pamphuno, ndipo tsiku limenelo mapazi 10,000 amakwana msanga kuposa masiku onse.

Tisanamizane, kuyenda awiri kuli ndi mtengo wake. Makolo anati si mantha, sanati ndi kwaulere. Choyamba liwiro limafa, chifukwa mnzanuyo ali ndi azakhali pa dimba lililonse ndipo moni wakumudzi sathera pa inu nokha, amafunsa ana, amayi kunyumba ndi amene munawasiya ku tauni. Chachiwiri, mukangofika pamene palibe anthu, amakhosomola pang'ono n'kuyamba, "Achimwene, paja fetereza chaka chino..." Musadabwe. Netiweki imene inkavuta m'mawa wonse imagwira bwino kwambiri ikamva kuti nkhani ndi ya Airtel Money kapena Mpamba.

Komabe mtengowo ndi wochepa poyerekeza ndi phindu. Amuna a kwathu kuno sakonda kuuzana zakukhosi atakhala moyang'anizana pakhonde. Koma akamayenda mondondozana m'kanjira, wina kutsogolo wina pambuyo, maso ali pansi kuopa minga, pakamwa pamamasuka. Za ngongole ya banki m'khonde, za mwana amene wasiya sukulu, za banja limene likugwedera, zonse zimatuluka pakati pa bango ndi nsenjere, ndipo mnzanuyo sazitumiza pa gulu la WhatsApp.

Ndiponso mnzanuyo amakumbukira mtsinje. Adzakuonetsani pamene panali dziwe losambira anyamata, lero pali mchenga wokhawokha ndi mikwingwirima ya matayala a ngolo. Adzakulozerani chitsa cha mkuyu umene unkagwira gombe, maenje a oumba njerwa, ndi mizere imene yalimidwa mpaka kukhudza madzi, n'chifukwa chake dzinja likafika dothi limapita ku Bua osatsanzika. Foni ikanakuuzani kuti mwayenda makilomita angati, basi. Zakuti mtsinje ukudwala kuposa inuyo mukanazimva kwa yani?

Choncho inu a ku tauni, chisanu chikadzafika bwerani ndithu, mtsinje ndi waulere ndipo mpweya wa m'mawa sagulitsa. Koma musananyamuke gogodani pakhomo pa mnzanu wakale, mumudzutse ngakhale adandaule za kuzizira. Foni ilowe m'thumba, makutu akhale otsegula, nsapato zoyerazo zitsale kunyumba. Ndipo musaiwale kandalama kapadera, chifukwa nkhani ya fetereza ija ikubwera ndithu.