Chionetsero chimene ndinamulanda mwana

Ndimaphunzitsa zojambula pa sukulu ina ya sekondale ku Mandimba, phunziro limene pa ndandanda limalembedwa kuti Educação Visual. Ana ambiri amalowa m'kalasi langa kudzapumula masamu. Koma chaka china ndinali ndi mnyamata wochokera cha ku Massangulo, m'boma la Ngauma, amene ankakhala kwa malume ake kuno kuti aphunzire. Iyeyu sankadikira kuti ndimuuze chojambula.

Pepala logula analibe. Ankapita kumene anthu akumanga nyumba n'kukapempha matumba a simenti otha ntchito. Thumba lililonse ankalitumbula, n'kusankha chipepala chapakati, kuchikuntha, kuchipukuta ndi kansanza kouma, kenako n'kuchigoneka pansi pa mphasa kuti chiwongoke. Makala ankachita kusankha yekha m'thumba la kukhitchini, ofewa a mthunzi, olimba a mizere. Pofufuta ankagwiritsa ntchito kachidutswa ka patapata, ndipo akafuna kufiira ankapaka katondo wouma ndi chala. Ankajambula anyamata a kabaza atasenzetsa njinga katundu pakati pa Chiponde ndi Mandimba, amayi ali pamzere kuchigayo, zigafa za fodya, osintha ndalama atagwira makwacha dzanja ili, mametikali dzanja linalo. Chimene chinandigwira mtima koposa chinali cha agogo ake akusenda chinangwa: mitsempha yotupa kuseri kwa dzanja, mpeni wodyeka pakati chifukwa chonoledwa zaka zambiri, ndi maso oyang'ana kumbali kumene kunali mdzukulu wowajambulayo.

Chimene chinanditembenuza mutu ndi mbiri ya Malangatana, imene ndimaphunzitsa chaka ndi chaka. Anabadwa mu 1936 ku Matalana, kufupi ndi Marracuene. Ali mnyamata ankatola mipira pa kalabu ya tenisi ku Lourenço Marques, ndipo katswiri wolemba mapulani a nyumba, Pancho Guedes, anamupatsa malo ojambulira kunyumba kwake. Mu 1961 anachita chionetsero chake choyamba chayekha, dzina lake n'kuyamba kumveka kutali. Mwa mnyamata wanga ndinaona Malangatana wa ku Niassa, ndipo mwa ine mwini ndinaona Guedes. Ndinalumpha mbali ya mbiriyo imene sinkakoma ku mtima wanga: kuti Malangatana anayamba wakhala pakati pa ojambula anzake ku Núcleo de Arte, kuti mu 1959 anaonetsa ntchito zake limodzi ndi anthu ena, ndi kuti chimene Guedes anayamba kumupatsa chinali malo ndi nthawi yogwirira ntchito.

Malo ndinasankha ndekha: Cuamba. Ndinati kumeneko ndiye kuli anthu. Njanji yochokera ku Nampula imagawikana pomwepo, ina kulowera ku Entre Lagos ndi Nayuchi, ina kukwera ku Lichinga. Kuli ophunzira za ulimi a ku Universidade Católica, kuli amalonda, kuli akuluakulu a m'maofesi amene ndinkaganiza kuti angagule chithunzi. Tsiku ndinasankhanso ndekha: 3 Febuluwale, tsiku la ngwazi za dziko, lokumbukira Eduardo Mondlane amene anaphedwa ku Dar es Salaam mu 1969. Ndinkati poti n'tchuthi, aliyense adzakhala ndi mpata. Ndine wobadwira kuno, ndikudziwa kuti Febuluwale ndi mtima wa dzinja, kuti anthu amakhala ali kumunda ndi kuzigafa, ndipo nkhokwe zimakhala zitapepuka. Ndinazidziwa zonsezi, koma sindinaziike pa sikelo.

Nditamuuza, mnyamatayo anayang'ana pansi kanthawi. Kenako anati, “Aphunzitsi, anganga sangafike ku Cuamba. Miyendo.”

Ndinamuyankha kuti, “Iwe, agogo adzamva mbiri yako pa wailesi.” Sanayankhenso. Ine ndinati wavomera.

Ndinafuna kuti zithunzi zikhale m'mafelemu a magalasi, monga ndinkaonera m'mabuku. Ndalama zanga zinaperewera. Malume ake ndinangowauza modutsa titakumana kumsika, ndipo kwa mayi ake ku Massangulo sindinapondeko. Ndinatuma mwanayo kukapempha chothandizira, n'kumuuza kuti akanene kuti zithunzi zikagulidwa ndalamayo ibwerera ndi phindu. Anabwera nayo itakulungidwa m'kansalu. Sindinafunse kuti yachokera pati. Ndinadzamva mochedwa kuti inali ya feteleza wobereketsa.

Kalipentala anandichenjeza kuti matabwa amene anali nawo sanaume. Ndinati tilibe nthawi, apange basi. Magalasi tinawagoneka mwachindunji pamwamba pa makala. Pano ndikudziwa zimene ndinayenera kudziwa ndisanagwire ntchito ya mwana wa eni: makala ndi fumbi longokhala pamwamba pa pepala, ndipo ngati sunaliwaze mankhwala oligwiritsa, limachoka likakhudzana ndi chilichonse. Galasi siliyenera kugunda chithunzi. Pamafunika kakatoni kozungulira m'mphepete kuti pakhale mpata. Pepala la thumba la simenti limamwa chinyezi msanga, ndipo fumbi la simenti lotsalira likakumana ndi madzi limauma gwa, osachokanso.

Kuchokera ku Mandimba kukafika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 150 pa msewu wa N13. Kondakitala wa chapa, galimoto yonyamula anthu, ataona mtolo wathu anati, “Bwana, izi ndi zoswekatu. Lipirani mpando wakumbuyo zikhale m'kati.” Mawu ake anali olondola. Koma ndalama yotsala ndinali nditaiwerengera kale zakumwa ndi mabisiketi a alendo olemekezeka, ndipo ina inali itapita ku makalata oitanira anthu amene ndinasindikiza m'Chipwitikizi. Ndinakana. Mafelemu anakwera padenga, pakati pa matumba a nyemba ndi njinga ya munthu wina, n'kufunditsidwa lona.

Mvula inatipeza tisanafike pakati pa ulendo. Mnyamatayo anali pawindo, ndipo ndinamuona akutulutsa dzanja kunja, kuyesa kugwira nsonga ya lona imene mphepo inkaikupiza. Anandiyang'ana kamodzi. Ndikanatha kugogoda kuti galimoto iime, titsitse katunduyo, tiunyamule pamiyendo. Ndinaopa kukwiyitsa anthu amene anali pachangu, ndinaopanso kuoneka wosadziwa chimene ndikuchita pamaso pa wophunzira wanga. Ndinamuuza kuti lona ndi yolimba.

Tinamasula mtolo pakhonde la sitolo ina ku Cuamba, mapiri a Mitucué ataphimbika ndi mitambo. Magalasi ambiri anali atasweka, chogwirira cha njinga chija chitabowola awiri apamwamba. Madzi anali atalowa m'mbali mwa mafelemu. Anyamata a kabaza anasanduka chimtambo chotuwa. Chithunzi cha agogo tinachinyamula mosamala, galasi lake litang'aluka katatu, ndipo pamene mnyamatayo anachotsa chidutswa chachikulu, nkhope ya agogo inachoka nacho. Inamatirira kugalasi, yotembenuka, diso limodzi lili pa chidutswa ichi, pakamwa pali pa chinacho. Papepala panatsala dzanja ndi chinangwa basi. Mwanayo sanalire. Anatola zidutswazo chimodzichimodzi n'kuziika m'katoni, chala chikutuluka magazi iye osazindikira.

Apa m'pamene ndinayenera kunena kuti tibwerere. M'malo mwake ndinati chionetsero chichitikebe ndi zotsalazo. Chipinda chimene ndinapempha ndinangogwirizana pakamwa ndi mnzanga wakale, popanda kalata. M'mawa wa tsikulo wosunga kiyi anali atapita ku mwambo woika nkhata za maluwa, kumenenso kunali akuluakulu onse amene ndinawaitana. Atabwera dzuwa lili pamutu, anatiuza kuti khoma ndi lopakidwa kumene, msomali ayi. Tinamanga chingwe kuchoka pawindo kufika pawindo, zithunzi zopulumuka n'kuzipanira ndi zopanira zovala.

Anabwera ndi ana othawa mvula, mlonda wa pafupi, ndi mayi wina wogulitsa mandasi amene anatsitsa beseni pakhomo. Ine ndinawerengabe mawu otsegulira amene ndinalemba, otchula Malangatana ndi wojambula mnzake Bertina Lopes, pamene mwini zithunzi anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mayi uja sanandimvere. Anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha kuchigayo, chimene chinangonyowa ngodya imodzi, n'kufunsa m'Chipwitikizi kuti mayi wakumapeto kwa mzereyo bwanji thumba lake ndi laling'ono chotero. Mnyamatayo anayandikira. Anafotokoza kuti mayiyo amagayitsa ufa wa tsiku limodzi lokha, chifukwa amayamba wagwira ganyu, ndipo amaima kumapeto dala kuti anzake asaone. Mayi wa mandasi anagwedeza mutu, nati izo akuzidziwa. Ine ndinali nditachiyang'ana chithunzicho kwa miyezi, kuyamikira mizere ndi mthunzi wake, koma thumba laling'onolo sindinalione, ndipo sindinamufunsepo mwanayo za munthu ngakhale mmodzi wa m'zithunzi zake. Palibe chimene chinagulidwa.

Titabwerera ndinapita kwa malume ake, nthawi ino kunyumba, n'kuwapempha kuti andiperekeze ku Massangulo. Tinakhala pamphasa pakhonde, agogo ali chapatali atatambasula miyendo. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa matabwa osauma mpaka pa mpando wa chapa umene ndinakana kulipira. Malume anati, “Aphunzitsi, mwanayu ali ndi eni ake. Mukanayamba mwakhala pamene mwakhalapo leropa, tikanakuuzani kuti dikirani chilimwe.” Mayi ake sanatchule za ndalama. Anangofunsa kuti, “Nanga chija anawajambula amayi chili kuti? Ankati tidzachiona chikalowa m'galasi.” Kuseri kwa nyumba kunali munda wawo, chimanga chitachita chikasu kuyambira masamba apansi.

Ndalama ndinaibweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro anga, koma nthawi yothira feteleza inali itapita, ndipo banjalo linakolola zochepa chaka chimenecho chifukwa cha ine. Mnyamatayo anasiya kujambula. M'kalasi ankachita zimene ndalamula, mizere yowongoka ndi mabwalo, osapitirira apo. Nditamupempha kuti ajambulenso agogo ake, anati, “Aphunzitsi, tsiku lija ankaseka nkhani ina. Sindingawauze kuti asekenso.” Sindinamukakamize.

Anayambiranso yekha nyengo yozizira itafika, ndipo sanandiuze. Ndinangoona zala zakuda. Patapita nthawi anabwera kudzandifunsa ngati mankhwala ogwiritsa makala aja amapezeka. Ndinaitanitsa kachitini kamodzi kudzera kwa mnzanga wopita ku Nampula, ndipo tinayamba tayesa pa zidutswa zopanda ntchito, kuwaza patali, pang'onopang'ono, kudikira kuti ziume. Nkhani ya chionetsero anaiyambitsa ndi iye. Anati akufuna kwawo, pakhonde la sitolo ya munthu wa m'mudzi mwawo, tsiku la msika, anthu atamaliza kukolola. Aliyense amene anamujambula nkhope anayamba wamupempha, ndipo bambo mmodzi atakana, chithunzi chake chinatsala kunyumba. Zithunzi tinazinyamula zogoneka pakati pa makatoni awiri, pepala loyera pakati pa chilichonse, pamiyendo pathu ulendo wonse. Chingwe anachimanga molingana ndi maso a munthu woimirira, koma cha kumapeto anachitsitsa kuti ana ndi okhala pansi aone.

Kunalibe mawu otsegulira. Anthu ankaloza, kutchula mayina, kutsutsana ngati njinga ija ndi ya uje kapena ya uje. Iye ankayankha m'Chiyao, nthawi zina m'Chinyanja, mawu ake akumveka mpaka kumsewu. Agogo anabwera nawo pa njinga n'kuwakhazika pa mpando. Wogula fodya wina anafuna chithunzi cha zigafa, ndipo mtengo anatchula ndi mnyamatayo atanong'onezana ndi malume ake. Ntchito yanga tsiku limenelo inali kugwira nsonga ya chingwe pamene mphepo yakula.

Aphunzitsi anzanga amene muli ndi mwana wotere m'kalasi, ku Ngauma, ku Mecanhelas kapena kutsidya ku Namwera, chimwemwe chimene mumamva mukaona dzanja lake ndi chenicheni, ndipo musachizimitse. Koma chionetsero choyamba ndi cha mwanayo ndi anthu amene ali m'zithunzi zake. Iye anene malo, anene zimene zipachikidwe, ndipo alankhule yekha. Gawo lathu ndi lija losaoneka: kudziwa mmene pepala limaonongekera, kuwerenga nyengo, kulemberana kalata ndi mwini chipinda, kulipira mpando wa katundu, ndi kukakhala pamphasa kwa makolo ndalama yawo isanagwiridwe.

Tsopano mnyamatayo akumaliza sekondale, ndipo wandifunsa za Escola Nacional de Artes Visuais ya ku Maputo. Ndi kutali, ndipo moyo wa kumeneko ndi wodula. Ndafufuza zofunika, ndawerengera ndalama zonse popanda kuchepetsa kapena kulonjeza phindu, ndipo pepalalo ndakalisiya m'manja mwa mayi ake ndi malume ake. Iwo ati akambirana ndi mwanayo akagulitsa fodya. Kalata yomuchitira umboni ndalemba kale, koma sichoka m'kabati mwanga mpaka atatuwo atandiuza kuti ipite.