Zithunzi Zosweka Zili M'kamwam'kamwa

Nyengo ya maukwati ikafika, kuyambira anthu atagulitsa zokolola mpaka mvula yoyamba, Lolemba lililonse mu Lilongwe mumazengedwa mlandu umodzimodzi. Woimbidwa ndi wojambula zithunzi. Odandaula ndi akuchikazi, akuchimuna, ankhoswe, ndi azakhali a mkwatibwi amene anasoketsa chovala kwa telala wodula, koma pachithunzi maluwa a nsalu yawo sakudziwika kuti ayambira pati, athera pati.

Musaluni ina ku Area 25 mayi wina, mutu uli m'manja mwa woluka, anakweza foni m'mwamba. "Taonani asisi, nkhope iyi ndi yanga? Munthu uja tinamulipira zonse, osatsala ndi tambala yomwe!" Wolukayo, osasiya ntchito, anangofunsa kuti chithunzicho anawatumizira ndani. Atachilondola, zinapezeka kuti wojambula anapatsa mkwati, mkwati anaika pa Facebook, mlamu wake anajambula sikirini n'kuika pa sitetasi, ndipo mwana wa achimwene awo anajambulanso sitetasiyo n'kuponya pagulupu ya banja. Saluni yonse inafa nacho chiseko, mayi uja naye akuseka, ngakhale anaumirirabe kuti wojambulayo anachedwa kufika kutchalitchi.

Ine ndili kumbali ya wojambula. Kamera yake imatulutsa chithunzi cha ma pixel 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Facebook imachifupikitsa kuti chisapitirire 2048. WhatsApp, mukatumiza mwachizolowezi, imachitsitsa kufika cha m'ma 1600. Sikirini ya mafoni ambiri otchipa ndi ya ma pixel 720 okha m'lifupi, ndiye wojambula sikirini amangotola zimenezo. Pamwamba pa apo pali JPEG, njira yosungira zithunzi imene inakhazikitsidwa mu 1992. Imadula chithunzi m'timabokosi ta ma pixel 8 uku ndi uku, n'kutaya tinthu timene diso silingationere msanga, kuti fayilo ipepuke. Kutaya kamodzi sikuoneka. Koma chithunzi chikasungidwanso kachitatu, kachinayi, timabokosi tija timayamba kuonekera pamasaya ndi pamphumi, ndipo ndi pamene anthu amati chasweka. Batani la Forward lokha silionongetsa, chifukwa limangopititsa fayilo yomweyo. Choononga ndi kujambula sikirini ndi kuikanso kwina.

Mu minibasi ya ku Kawale nkhani inali ya mafoni. Mnyamata wina amanyadira Tecno yake ya ma megapixel 50, akuti zithunzi zake sizingasweke ngakhale zitapita ku Mzuzu n'kubwerako. Mnzake anamuuza kuti mafoni otere, ukapanda kusintha chilichonse, amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi, ndiye chotuluka chimakhala cha ma megapixel 12 ndi theka, ndipo WhatsApp ikachifinya kufika 1600 ndi 1200 chimatsala chosakwana ngakhale awiri. Mkangano unakula mpaka kondakitala anaiwala kutolera ndalama. Anauthetsa ndi madala ena a kumpando wakumbuyo: "Ana inu, pukutani kaye galasi la kamerayo. Mwadya chipisi, mwagwira foni, ndiye mukudabwa chifunga pachithunzi?" Madalawo ananena zoona kuposa onse. Zithunzi zambiri zooneka mwachizimezime zimayambira pa chala cha mafuta, pa dzanja logwedera, kapena pa mdima wa muholo magetsi atazima.

Za HD nazo zagawa mabanja. Kuyambira mu Ogasiti 2023 WhatsApp inaika kabatani ka HD, ndipo amene akufuna chithunzi chifike chonse osafinyidwa amachitumiza ngati Document. Abale a ku Johannesburg ndi ku Ireland amaikonda njira imeneyi, poti kwawoko intaneti ili m'nyumba. Kuno amayi ena amadandaula pampopi kuti mwana wawo anatumiza zithunzi 40 za tsiku lobadwa la mdzukulu, chilichonse cha ma MB asanu, bandulo ya sabata n'kutheratu keke asanamuone. "Mwanangu, ndinakupempha nkhope ya mwana, sindinakupemphe nyumba yonse," anatero pomuimbira. Onse awiri ali ndi mfundo. Choonera pafoni sichifuna kulemera, koma chimene mudzatsukitse n'kuika mufelemu chibwere ngati Document.

Amene amaona zonsezi tsiku ndi tsiku ndi anyamata a m'mashopu osindikizira ku Old Town. M'mawa kumabwera ofunsira ntchito ndi sukulu, fomu ya pa intaneti itawakanira chithunzi chifukwa chalemera. Mnyamata amachifupikitsa kufika ma pixel 600 kapena 800, n'kuchisunga pa quality ya 80, ndipo chimene chinali cha ma MB anayi chimalowa bwinobwino, nkhope osasintha. Masana kumabwera a mavuto otembenuka. Bambo wina wa komiti ya kwaya anabweretsa kachithunzi ka pagulupu kuti kakhale pakalendala ya A3. "Bwana, aka sikatheka," anatero mnyamatayo. Bamboyo anati angokakulitsa basi, makinawo si amagwira ntchito imeneyo? Kusindikiza kwabwino kumafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi wamba cha mainchi 6 ndi 4 chimafuna ma pixel 1800 ndi 1200, pamene A3 imafuna pafupifupi 5000 ndi 3500. Kuchepetsa n'kosavuta chifukwa ukutaya zimene uli nazo, koma pokulitsa kompyuta imangofutukula timadontho tochepa tomweto. Bamboyo anabwerera kukasaka amene anajambula, akung'ung'udza kuti kwaya ya anthu 30 singasowe ndi mmodzi yemwe wosunga chithunzi chenicheni.

Pa nkhani yonola zithunzi ndi pamene ojambula akale amatenthetsa mutu. Mmodzi wa iwo, amene anayamba ntchito nthawi ya filimu akuyenda pa njinga m'masukulu, amati achinyamata apeza batani la Sharpen mu Snapseed ndi mu Lightroom ndipo amalikoka mpaka kumapeto. Zotsatira zake mwaziona: tsitsi loluka limauma gwa, timabowo ta pakhungu timaonekera tonse, ndipo amayi a Mvano akaima kutsogolo kwa khoma lakuda, m'mbali mwa malaya awo oyera ndi mipango mumazungulira kamzere kowala kamene panalibe. Kunola sikuwonjezera kanthu pachithunzi. Pamene pakumana chowala ndi chakuda, kompyuta imawalitsa mbali yowala n'kudetsa mbali yakuda, diso n'kuganiza kuti malire athwa. Luso limeneli linayambira m'zipinda zamdima zotsukira filimu, ndipo mu Photoshop ndi mu GIMP likadali ndi dzina lakalelo la Unsharp Mask.

Madala ojambulawo dongosolo lawo ndi ili. Amayamba asunga chithunzi chenicheni pambali, osachikhudza. Amatenga kope, kukonza kuwala ndi mitundu, kulifupikitsa okha kufika 2048 ngati likupita pa Facebook kapena 1080 m'lifupi ngati ndi la Instagram, ndipo kunola kumabwera pomaliza penipeni, chifukwa kuchepetsa kumafewetsa m'mbali mwa zinthu ndipo wonola asanachepetse wataya mphamvu pachabe. Radius ya kunolako saipitiritsa theka la pixel. "Zili ngati mchere m'ndiwo, mwana wanga," amauza wophunzira wawo. "Ukachepa uwonjezera, ukachuluka sungauchotse." Chithunzi chimene kamera inaphonya kapena dzanja linagwedera, amanena poyera kuti palibe batani lochiukitsa.

Achinyamata amayankha kuti lilipo, dzina lake Remini, ndi mapulogalamu ena otere a AI. Apa ndi pamene ndamva nkhani yoseketsa ndi yokhudza mtima pamodzi. Banja lina likukonzekera kumanga chiliza cha agogo awo linafuna chithunzi cha pamalaya. Chimene anali nacho pafoni chinali chojambulidwa kuchokera pa chithunzi china chapepala, chozilala kale. Mdzukulu anachilowetsa mu pulogalamu ija, ndipo chinatuluka chowala, maso akuthwa, khungu see. Achinyamata anaombera m'manja. Koma chitafika kwa ana a malemuwo, mayi wamkulu anachiyang'anitsitsa n'kufunsa, "Amayi ake a ndani awa?" Mphini za pamasaya zinali zitafufutidwa, mpata wa pakati pa mano utatsekedwa. Mapulogalamu amenewa sabweza zimene zinatayika. Amapeka nkhope potengera nkhope zina zambirimbiri zimene anaphunzirirapo, ndiye pamene pasowa amaikapo za eni ake.

Amalume analamula kuti chapepala chija chipezeke, chikaikidwe pa scanner ya kushopu pa timadontho 600, ndipo asachinole wina aliyense. Pamenepo panabuka mlandu watsopano, umene ukuzengedwabe pagulupu mpaka lero. Akumudzi akuti alubamu inatengedwa ndi azakhali a ku Blantyre pa maliro, azakhali akuti anabwereka zithunzi ziwiri zokha ndipo anabweza, ndipo mlamu amene aliyense akumuganizira wangoti zii, ngakhale timizere tiwiri ta buluu tikuonetsa kuti mauthenga onse akuwerenga.